Mpira wa Kumapeto kwa Lupanga

Kwathu mimba salengeza, imadzilengeza yokha ikakula. Lamulo limeneli Atuweni anachoka nalo ku Balaka, ndipo pa bwalo la ndege palibe anamulanda. Koma atafika ku Leicester, ku Mangalande, analiphwanya kawiri konse. Yoyamba anauza amayi a kumpingo, iwo n'kululutira, sabata isanathe inapita padera. Yachiwiri anangonong'oneza mayi ake pa foni, nayonso inachoka. Madokotala ankamuuza kuti zimachitika, pakamwa sipachotsa mimba. Atuweni ankagwedeza mutu mwaulemu, mumtima akuti inu nenani zanuzo.

Tsono iyi yachitatu anaitsekera pakamwa ndi loko. Ankaidziwa ndi mwamuna wake Bennet, poti ndi mwini wake, ndi mzamba wa kusikelo, poti ndi ntchito yake. Basi. Inali ikulowa mwezi wachisanu, yobisika pansi pa majuzi a nyengo yozizira, ndipo sabata imeneyo inali itayamba kugunda pang'onopang'ono ngati munthu wamanyazi pakhomo la eni.

Atuweni ankagwira ntchito ya keya ya m'makomo: kusambitsa okalamba, kuwapatsa mankhwala, kuwatenthetsera chakudya, kenaka kuthamangira basi kupita khomo lina. Bennet anali atatopa n'kulankhula.

"Mayi, auzeni a kuofesi," ankatero. "Kuno akadziwa amakuchotsa pa zolemera, ndipo sakutumiza wekha kwa anthu ovuta. Lamulo lilipo, si kupempha."

"Mwezi uno uthe kaye."

"Mwezi watha munanenanso zomwezo."

"Ndiye mukufuna muikenso kabokosi m'manda, a Bennet?"

Apo Bennet ankangotenga foni yake.

Ngakhale Sumera, mayi wa kuofesi amene ankagawa mashifiti, anali atanunkhiza kanthu. Tsiku limene Atuweni anakapempha yunifolomu yokulirapo, Sumera anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati pali chimene iye ayenera kudziwa.

"Ndi tchipisi, Sumera. Tchipisi cha dziko lanuli."

Anaseka onse awiri, ndipo dzina la Atuweni linakhalabe pa shifiti ya madzulo ya kwa a Tebbutt.

A Tebbutt anali mzungu wokalamba wa ku Wigston, wamtali ngati mlongoti, ndevu zili mbuu. Moyo wawo wonse, mpaka msana utakana, ankaphunzitsa anthu kumenyana ndi malupanga mmene ankachitira makolo awo m'nthawi ya zovala zachitsulo. Inde, musadabwe, kuno kuli anthu okhuta amene Loweruka amavala zipewa zawaya n'kumakhapana m'holo, pothera pake n'kukamwa tiyi limodzi. Koma dzina la a Tebbutt silinatchuke chifukwa cha luso. Linatchuka chifukwa cha kavidiyo kamodzi.

Kavidiyoko anabwera nako m'nyumba ndi Bennet, munthu amene sangadye popanda kuseka ndi foni. Tsiku lina anamuitana mkazi wake akupukuta misozi ya phwete.

"Taonani mdala uyu!"

Atuweni atasuzumira anagwira pakamwa. "Aa! Awa ndimawasambitsa ine awa!"

M'kavidiyomo a Tebbutt, adakali ndi mphamvu zawo, anaima ndi lupanga lalitali, nkhope ngati ya mbusa pamaliro. Ankafotokoza kuti m'buku lina lakalekale munajambulidwa njira yogonjetsera mdani. Kumapeto kwa chogwirira cha lupanga kumakhala mpira wachitsulo, kukula kwake ngati ndimu. Mdani akamabwera, iwe masula mpirawo, mugende nawo, kenaka mumalize. Atatero anayamba kumasula. Pota, pota, pota, mpira osachoka. Mnyamata amene ankakhala ngati mdaniyo anadikira, anadzikanda, anayang'ana wotchi ya pakhoma, mdala adakapotabe.

Intaneti inapenga nako. Anthu anadzijambula akumasula zogwirira zitseko, mipopi, mababu, n'kumagendana. Awiri akangokangana pa foni za mpira wamiyendo kapena ndale, wachitatu ankalemba kuti, "Masula mpira!" anthu n'kufa nazo. Bennet naye anamasula kamutu ka chivindikiro cha poto n'kumuponyera mkazi wake pa sofa. Atuweni anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Koma mwini wake sankaseka. Matenda oiwala anali atawadya kale mbali yaikulu, komabe masiku ena mutu unkayera, ndipo tsiku lina lotero, Atuweni akuwadula zikhadabo, anainena okha nkhaniyo.

"Anandiyesa chitsiru, Atu. Dziko lonse. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzafunsa ngati wophunzira." Anayang'ana zala zawo zopindika ndi nyamakazi. "Sadziwa kuti mpira ujatu ndi umene umamanga zonse. Ukauchotsa, lupanga latha, mpeni umasololoka m'chogwirira. Munthu wochita zimenezo ndi woti zamuthina, watsala ndi mwayi umodzi. Choseketsa n'chiyani pamenepo?"

Atuweni anati pepani bambo, n'kupitiriza chala china.

Malupanga onse mwana wawo wamkazi wa ku Derby anali atawachotsa m'nyumbamo, pakhoma panangotsala misomali. Anachotsanso kiyi wa chitseko cha kuseri, cha kukhitchini, chifukwa mdalayo anayamba kutulukira kumeneko n'kumasochera. Masabata apitawo a Tebbutt anali atamugwirapo Atuweni pamkono mwamphamvu n'kumutcha wakuba. Sumera atafunsa mmene zikuyendera, Atuweni anangoti mdala amatopa madzulo. Munthu wa msinkhu wa agogo ako sumuneneza ngati kamwana koba shuga.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali tsiku wamba la mu Novembala, sabata ya Diwali, chikondwerero cha amwenye. Atuweni anachoka ku Belgrave magetsi a chikondwerero atapachikidwa kale mumsewu wonse, masitolo a golide ndi a maswiti atadzaza anthu. Anakwera basi ya m'tauni, n'kusinthira ya ku Wigston. Dzuwa laulesi la kuno linali litaweruka kale ana asukulu asanafike n'komwe kunyumba, ndipo uku ndi uku anyamata anali atayamba kuphulitsa makombola.

Anatenga kiyi m'kabokosi ka pambali pa chitseko n'kutsegula.

"Odi, a Tebbutt! Ndine Atu!"

Zii. TV yozimitsa, pabalaza mdima. Anaganiza kuti agona pampando. Anavula jekete n'kulikoleka pa msomali wa pakhomo, foni ili m'thumba momwemo, poti mdalayo ankadana ndi kulira kwa mafoni. Anayenda kakhonde kopapatiza kaja mpaka kukhitchini, kumapeto kwa nyumba, anayatsa getsi n'kuthira madzi m'ketulo.

Kunja khombola linaphulika, phuu! Mawindo ananjenjemera. Kenaka kumbuyo kwake anamva chinthu chikukwekwereza pansi, chitsulo pa matailosi, khwee. Chinaima. Khwee.

Anatembenuka, ketulo ili m'manja.

A Tebbutt anali ataima pakhomo la khitchini, thupi lawo litatseka khomo lonse. Phazi limodzi silipasi, lina lopanda kanthu. Kumutu ndi m'ndevu kangaude yekhayekha, kuonetsa kuti anakwawira m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kumene mwana wawo sanafufuzeko. M'manja munali lupanga lija la m'kavidiyo, lalitali kufika m'chifuwa mwa munthu. Analinyamula pang'onopang'ono ndi manja awiri. Manja amene ankalephera kumanga batani la shati aja, apa anagwira nganganga, osanjenjemera ndi pang'ono pomwe.

"Ndiwe ndani?"

"Ndine Atu, bambo. Atu wa tiyi. Ndabwera kudzakupangirani chakudya."

"Atu ndikumudziwa ine. Si iwe." Maso awo ankamuyang'ana ngati sanamuonepo chibadwire. "Mwayamba kuombera kunjako, tsopano mwalowa m'nyumba. Mwatenga malupanga anga onse. Mwabwerera ili."

Atuweni anaika ketulo pansi mwakachetechete, kuopa kuti ingaoneke ngati chida. Dzanja lake linafufuza kumbuyo n'kupeza chogwirira cha chitseko cha kuseri. Anachikankha. Chokhoma, ndipo kiyi ali ku Derby. Windo linali pamwamba pa sinki, kakang'ono koti n'kudutsa mphaka. Foni inali kuseri kwa mdalayo, m'jekete. Kukuwa? Oyandikana nawo anali kuntchito, ndipo ndani akanamva mawu a munthu m'phokoso la makombola?

Ku maphunziro a ntchito anawauza kuti munthu wotere usamutsutse, lankhula motsitsa, mpatse mpata, ima pafupi ndi khomo. Zonsezo n'zabwino pamene khomo lili mbali yako.

"Bambo, kunjaku ndi ana akusewera. Ndi makombola chabe. Tiyeni mukakhale pampando, ndikubweretsereni tiyi wa shuga wambiri uja."

Mdalayo anaponda kamodzi kulowa m'khitchini. Nsonga ya lupanga inatsika kuchoka pa nkhope ya Atuweni, inadutsa pakhosi, pachifuwa, n'kuima molunjika pa mchombo. Sikuti ankadziwa kanthu ayi. Ndi mmene thupi lawo linazolowerera kuima kwa zaka zonsezo. Koma pa malo onse a thupi la munthu, abale, inasankha pamenepo.

Ndipo nthawi yomweyo mwana anagunda. Kamodzi, kenaka kawiri.

Mantha amene anamugwira Atuweni sanali a imfa yake. Za iye mwini anaiwala. Ankangoona kabokosi koyera kaja ka chaka chatha, Bennet atakanyamula m'manja ngati buledi. Mawu anafika pa lilime: bambo, ndili ndi pakati. Anawameza. Akanena, mwina mdalayo amva chisoni. Mwinanso, mmene mutu unalilimu, ndi pamene adziwe polasa. Ndiponso lilime lenilenilo linakana, linazolowera loko.

"Gwada!" anakuwa a Tebbutt.

Kumeneko sanafunike kuuzidwa kawiri. Mwana wa ku Balaka kugwadira wamkulu wokwiya ndi chinthu chimene maondo amachita okha. Anagwada pa matailosi ozizira, maso pansi, n'kudzipinda kuti mimba ibisale kuseri kwa ntchafu ndi mikono. Tsopano nsonga inali pafupi ndi chipumi chake. Ankamva fungo la mafuta akale a pa chitsulocho, ndi kupuma kwa mdalayo, kolemera ngati kwa munthu wokwera phiri.

Khombola lina linaphulika pafupi penipeni. Lupanga linanyamuka m'mwamba mpaka linagunda getsi la kudenga, kuwala n'kuyamba kuvina m'khitchini monse. Atuweni anadzutsa maso, ndipo pansi pa zibakera za mdalayo anaona mpira uja, wakuda, wobulungira, ukuyang'ana kwa iye.

Mpira ndi umene umamanga zonse.

Sanaganize nthawi yaitali. Mawu anangotuluka, ang'onoang'ono.

"Aphunzitsi."

Lupanga linaima m'malere.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzaphunzira. Anandiuza kuti njira ya mpira ija amaidziwa ndinu nokha. Ndionetseni, chonde."

Nkhope ya a Tebbutt inachita makwinya. "Wabwera kudzaseka. Nonse mumabwera kudzaseka."

"Taonani nkhope yanga, bambo. Ndikuseka ine?"

Anamuyang'anitsitsa. Misozi inali ikutsika mpaka m'khosi, mano akugundana. Kunena zoona, m'dziko lonse la Mangalande munalibe munthu amene anali kutali ndi kuseka ngati Atuweni tsiku limenelo.

"Ayi," anatero mdalayo pang'onopang'ono. "Iwe sukuseka."

Mapewa awo anawongoka. Mawu anasintha, anakhala a munthu woima kutsogolo kwa kalasi. Anatsitsa lupanga, nsonga n'kugunda pansi pakati pa iwo awiri, mpeni utapingasa njira. Dzanja lamanzere linagwira chogwirira, lamanja linafumbata mpira.

"Uonetsetse. Sindibwereza."

Anapotokola. Mpira sunasunthe.

Mayo ine, dzimbiri! Atuweni anapemphera pemphero limene sanaphunzire ku mpingo uliwonse: Ambuye, masulani chitsulo ichi. Mdalayo analuma mano, mitsempha ya m'khosi inatupa, nkhope inafiira. Akalephera akwiya, ndipo akakwiya abwerera ku njira yachidule. Anapukuta dzanja pa thalauza n'kuyesanso. Kunamveka kulira kwa chitsulo, kwii, ndipo mpira unatembenuka pang'ono.

Pota. Pota. Pota.

Chimene dziko lonse linaseka chija ndi ichi, kuchedwa kumeneku. Atuweni anakuona ndi maso ake ali chogwada, ndipo sikunali kufupika. Mazinga a chitsulocho anali ngati alibe mathero. Anayang'ana mpata wa pakati pa mwendo wa mdalayo ndi mphuthu ya chitseko. Akanakhala yekha akanadumphira pomwepo, zocheka zikanachekeka. Koma kuti adutse, mimba inayenera kukhudza mpeni. Anakhala.

Pota. Pota. Mwadzidzidzi dzanja linaima. Maso a a Tebbutt anayamba kuyendayenda m'khitchini, pa ketulo, pa firiji, n'kubwerera pa iye, opanda kanthu ngati poyamba.

"Ndiwe ndani iwe? Ukutani m'nyumba mwanga?"

"Wophunzira wanu, aphunzitsi! Munali pakati pondionetsa. Mukamaliza kumasula mumatani?"

"Ndimagenda."

"Mumagenda pati?"

"Kumutu. Nanga pati? Kumutu nthawi zonse."

Mukhulupirire kapena ayi, mtima wa Atuweni unangoti myaa. Kumutu. Zikomo Ambuye, kumutu. Koma pomwepo anakumbukira kuti awa ndi manja a nkhalamba, amene amataya tiyi pakati pa kapu ndi pakamwa. Akalinga kumutu, chitsulo chikhoza kutsika. Anadzipinda kwambiri, anapingasa mikono yonse iwiri pamimba, zala n'kulowa m'nthiti, kenaka anatukula nkhope n'kuisendeza kutsogolo kuti isavute kuipeza.

Mpira unachoka. Mdalayo anauyeza m'dzanja, kuuponya m'mwamba pang'ono n'kuuwakha, mmene amayi amayezera phwetekere pamsika.

"Manja kunkhope, mtsikana," anatero mwaukali wa mphunzitsi. "Wophunzira amatchinga nkhope. Ukufuna kufa?"

"Ndili bwino chonchi, aphunzitsi."

"Manja kunkhope!"

"Gendani, bambo."

Thupi lonse linkamuuza kuti akweze manja. Zikope zinkaphethira zokha, khosi linkafuna kubwerera m'mapewa. Anakanikiza mikono pamimba mpaka kupuma kunavuta. Anaona phewa la mdalayo likubwerera m'mbuyo, phazi lopanda silipasi likuponda kutsogolo. Zaka zonse zija za m'holo zinali zidakali m'mkono umenewo.

Sanamve kupweteka poyamba. Anamva phokoso m'kati mwa mutu, ngati mbale yadothi yagwa pa simenti, ndipo mbali ya kumanzere ya dziko inazima. Anagwa chammbali, phewa n'kumenya chitseko cha uvuni, chiuno n'kumenya pansi. Manja sanachoke pamene anali.

Kenaka ngwee! Chitsulo chachitali chinagwa pa matailosi n'kudumpha, china chaching'ono n'kugubuduka kulowera ku sinki. Ndi diso limodzi lotsalalo Atuweni anaona a Tebbutt akudumphira kutsogolo kuti amalize, m'manja muli kamtengo kokulungidwa chikopa, kotalika ngati chitsononkho. Mpeni unali utasololoka pamene ankagenda. Unagona pafupi ndi phazi la Atuweni. Iye anauponda ndi chidendene n'kuukankha ndi mphamvu zonse zimene zinatsala, n'kulowa pansi pa firiji mpaka kumapeto.

Mdalayo anaima akuyang'ana kamtengo kaja. Anayang'ana pansi. Magazi anali akuyenderera m'mizere ya matailosi, kulowera ku phazi lawo lopanda silipasi.

"Atu?" Mawu anali aja a masiku onse, a munthu wopempha bisiketi yachiwiri. "Atu, mwana wanga, wakupanga zimenezi ndani?"

Atuweni anayesa kuyankha, m'kamwa munali modzaza magazi.

"Usasunthe. Ndiitana anthu. Anthu oipa, kumenya mtsikana wabwinobwino!" Anafufuza pachifuwa pawo n'kupeza kabatani kofiira kamene ankavala m'khosi, koitanira thandizo akagwa. Anakadina. Bokosi la pabalaza litayankha, anakuwa ndi mawu olira kuti abwere msanga, wina wavulaza Atu wawo. Kenaka anatenga kansalu kopukutira mbale, anagwada movutikira, n'kumamupukuta pachipumi mofatsa, akunena kuti pepa, pepa, tiwapeza.

Atuweni sankawamva. Ankamvetsera m'kati. Gunda, mwanawe. Gundanso kamodzi kokha. Munali zii. Kumunsi kwa mimba kunayamba kukoka, kukoka kumene ankakudziwa bwino, ndipo mantha a lupanga aja anaoneka aang'ono.

Anthu anafika pafupifupi nthawi imodzi: a ambulansi, apolisi awiri, ndi Sumera, amene a kabatani aja anamuimbira, mpango wa kumutu uli pambali chifukwa chothamanga. Mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pakhomo. Wapolisi anatola mpira uja pafupi ndi sinki, anauyang'ana, anayang'ana ndevu za a Tebbutt, ndipo pakamwa pake panayamba kumwetulira ngati wakumbukira kanthu. Atatembenuka n'kuona nkhope ya Atuweni, kumwetulirako kunathera panjira.

Mayi wa ambulansi anagwada pambali pake. Anati dzina lake ndi Tabassum. Anaunika diso, anagwira tsaya mofewa, n'kupuma mozama.

"Ndipatseni mkono ndikuyezeni magazi."

Mkono sunabwere. Tabassum anaukoka pang'ono, unali gwa ngati muzu. Anayang'ana zala zimene zinamira m'yunifolomu, zopanda bala ndi limodzi lomwe, anayang'ananso nkhope yophwanyikayo.

"Munachiona chikubwera, eti? Nanga bwanji simunatchinge nkhope?"

Sumera anali pakhomo, apolisi, mayi woyandikana naye uja, a Tebbutt atakhala pampando ndi kansalu ka magazi m'manja. Anthu asanu ndi mmodzi, ena osawadziwa n'komwe. Atuweni anamva loko uja ali pa lilime, wolemera. Anakhala chete miyezi yonseyi kuti mwana akhale, ndipo kukhala chete komweko n'kumene kunamubweretsa pa nsonga ya lupanga. Analavula magazi. Zinayamba kutuluka m'Chichewa, chinenero chimene panalibe wochimva m'nyumbamo, kenaka m'Chingerezi, mokweza, mpaka wa pakhomo anamva.

"Ndili ndi pakati. Miyezi isanu. Wasiya kugunda. Siyani nkhopeyo, onani mwana!"

Sumera anagwira pamutu n'kukhala pa masitepe. "Atu," anatero akulira, "ndinakufunsa. Ndikanakuchotsa tsiku lomwelo."

Ku chipatala Bennet anafika ali m'yunifolomu ya kuntchito kwake, nsapato zosamanga. Apolisi anali atamuonetsa mpira uja m'kapulasitiki pofotokoza zimene zinachitika, ndipo munthu wa nthabwala uja analowa m'chipindamo ngati wabwera kumaliro. Anayang'ana bandeji imene inakuta theka la nkhope ya mkazi wake.

Dokotala wa maso anabwera n'kuyamba kufotokoza kuti fupa la pansi pa diso lasweka, ndipo diso lenilenilo laphwanyika m'kati. Atuweni anakweza dzanja.

"Dikirani kaye, adokotala. Mzamba ali kuti?"

Mzamba anabwera ndi kamakina kake. Anakweza yunifolomu yokulirapo ija, anapaka mafuta ozizira, n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo pamimba. Munkangomveka mkokomo ngati wa wailesi yosowa siteshoni. Anasunthira kumanzere. Mkokomo. Anasunthira kumunsi, anakanikiza, nkhope yake osaonetsa kanthu. Bennet anagwira chitsulo cha bedi. Atuweni anatseka diso lotsalalo. Ndanena, Ambuye. Ndanena pamaso pa anthu. Ngati pakamwa m'pamene pamapha, ndapha ndine.

Mzamba anasunthira pafupi ndi chiuno, n'kuima.

Thi-thi-thi-thi-thi-thi.

Kothamanga, kaukali, ngati kamwana kogogoda pachitseko kuti akatsegulire. Bennet anagwada pansi n'kubisa nkhope m'bulangete, mapewa akugwedezeka. Atuweni sanalire. Anamvetsera, pakamwa pali pululu, kufikira mzamba atachotsa kachipangizoko.

Dokotala uja anali adakaima pomwepo ndi nkhani yake. Anatsokomola pang'ono, n'kunena mosamala kuti ayesetsa, koma asamunamize, diso la kumanzerelo mwina silidzaonanso.

"Ndamva," anatero Atuweni. "Lomuonera mwana latsala." Anatembenuzira mutu wonse kwa mwamuna wake, poti tsopano kuti amuone anayenera kutero. "A Bennet, dzukani pansipo. Imbirani amayi ku Balaka, muwauze. Muuzenso a kumpingo."

Kenaka anagwira dzanja la mzamba, n'kulibwezera pamimba.

"Ikaninso, mayi. Ndimvenso."